Nyemba zamakolo m'Chigwa cha Shire: zoyanga, zosayanga ndi chomwe chimayoyola maluwa

Madzi akayamba kuphwa m'madambo a Shire, cha mu Epulo, nkhani ya mbewu imabuka paliponse: pamsika wa Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula, ngakhale pamjigo. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe anakokolola nyumba pamodzi ndi mbewu zomwe mabanja ankasunga, nkhaniyi yakula chifukwa ambiri anayambiranso ndi mbewu yogula kapena yolandira. Pa nyemba pamamveka mawu atatu osagwirizana. Wina akuti nyemba za m'paketi ndi haibulidi, subwereza. Wina akuti zamakolo ndiye zopirira, zimachita paliponse. Wachitatu akuti musadzivute, nyemba n'za ku Dedza ndi ku Ntcheu, kuno kumatentha.

Aliyense mwa atatuwa wagwira kachigawo ka zoona. Chomwe chimasowa pa mkanganowu n'kumvetsa mmene nyembayo imakulira, chifukwa kuno kuchigwa tsiku limene mwadzala ndi kakulidwe ka mtundu umene mwasankha ndi zomwe zimagamula zambiri kuposa dzina la mbewu.

Nyemba zamakolo n'ziti?

Tikunena pano nyemba zomwe timadyera nsima zija, zofiira, zoyera, zamawangamawanga, zomwe masamba ake ndi khwanya ndipo zaziwisi zake ndi zitheba. Akatswiri amazitcha Phaseolus vulgaris. Kwawo kwenikweni ndi ku America: anthu anayamba kuzilima zaka zikwi zingapo zapitazo ku Mexico komanso kumapiri a Andes. Za ku Andes zimakhala za njere zikuluzikulu, ndipo ndi zomwe zinafala kwambiri ku Malawi kuno. Zinawoloka nyanja ndi amalonda Achipwitikizi, n'kumalowa kumtunda pang'onopang'ono kuchokera kugombe.

Mbewu yamakolo ndi imene alimi eni akhala akusankha ndi kusunga okha, chaka ndi chaka, kuchokera kwa agogo kufika kwa zidzukulu, osadutsa kumalo a kafukufuku. Nthawi zambiri siikhala mtundu umodzi. Mukatapa dzanja limodzi mumaona zofiira, zakuda, zachikasu ndi zamizeremizere zili pamodzi. Ofufuza omwe ankagwira ntchito ndi sukulu ya Bunda m'zaka za m'ma 1980 anapeza alimi akumpoto akudzala mitundu yoposa khumi m'munda umodzi. Kusakanizako n'kwadala: chaka cha matenda mtundu wina umagwa, wina n'kupulumuka, ndipo mphika sukhala wopanda ndiwo.

Mbewu yamakono ndi imene akatswiri, monga a ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Bunda, anaisankha kapena kuikwatitsa, n'kuiyesa zaka zingapo asanaitulutse. Napilira anatuluka mu 1995, NUA 45 wokhala ndi ayironi ndi zinki wochuluka anatuluka mu 2009, ndipo palinso Kholophethe, Kabalabala ndi ena.

Nanga haibulidi? Haibulidi ndi mbewu ya m'badwo woyamba yobadwa pokwatitsa makolo awiri osiyana, ndipo mukaibwereza ana ake amatuluka osiyanasiyana, zokolola n'kutsika. Izi timaziona pa chimanga. Nyemba zomwe zimagulitsidwa kuti zidzalidwe si haibulidi, ndipo chifukwa chake chili m'duwa. Duwa la nyemba lili ndi mbali yaimuna ndi yaikazi zotsekeredwa pamodzi m'kathumba kopindika, ndipo mungu umagwera pa mbali yaikazi duwalo lisanatseguke n'komwe. Njuchi ikamafika, ntchito imakhala itatha kale. N'chifukwa chake nyemba imabala yofanana ndi mayi wake, kaya ndi yamakolo kaya ndi ya m'paketi. Kusakanikirana kumachitika mwa apo ndi apo, kawirikawiri njere zosakwana 5 pa 100 zilizonse, ndipo ndiko kumabweretsa kanjere kachilendo kamene mumakapeza pomenya.

Choncho alangizi akamati gulaninso mbewu yatsopano pakapita zaka zingapo, sakunena kuti mtunduwo wasintha. Akuopa matenda amene amabisala m'njere, omwe amachuluka mbewu ikamabwerezedwa mosasankha. Vuto limeneli silisankha yamakolo kapena yamakono.

Zoyanga ndi zosayanga

Kusiyana kwa ziwirizi kumayambira kunsonga ya tsinde. Nyemba yosayanga ikakula kufika cha m'mawondo, nsonga yake imasanduka maluwa ndipo kukula kumathera pomwepo. Maluwa onse amabwera m'masabata awiri kapena atatu, zitheba zimakhwima pamodzi, ndipo pakatha masiku 70 mpaka 90 chidzalireni mukuzula. Yoyanga nsonga yake siileka kutulutsa masamba; maluwa amatulukira m'mbali, pamene tsamba lagwirana ndi tsinde, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Imatha kufika mamita awiri kapena atatu, imachedwa kuyamba maluwa, ndipo kuti imalize imafuna masiku 100 mpaka 120, ina kuposerapo. Pakati pa ziwirizi pali zina zotaya mikono yaifupi, zomwe zimayala pansi kapena kugwira phesi la chimanga zikalipeza. Nyemba zambiri zamakolo zili m'gulu lapakatili.

Yosayanga ili ngati ndalama ya thonje: imabwera kamodzi, yambiri, kenako basi mpaka chaka chamawa, pamene yoyanga ili ngati ya paokala, yomwe imalowa pang'onopang'ono koma tsiku ndi tsiku. Banja lofuna nyemba zouma zosunga kapena zogulitsa limapindula ndi yoyambayo. Banja lofuna khwanya ndi zitheba za ndiwo kwa miyezi iwiri pa kamalo kakang'ono kuseri kwa nyumba limapindula ndi yachiwiriyo, chifukwa imagwiritsa ntchito mlengalenga: pamalo ofanana, yoyanga yosamalidwa bwino imatha kubereka kuwirikiza kawiri kapena katatu. Ku Rwanda, kumene minda ndi yaing'ono kwambiri, nyemba zoyanga zinafala pa chifukwa chomwechi. Koma Rwanda ndi dziko la mapiri ozizira, ndipo apa m'pamene nkhani yathu ya kuchigwa imapatukira.

Usiku ukatentha

Nyemba imakonda nyengo yapakatikati. Masana akamapitirira madigiri 30, makamaka usiku ukamakhala pamwamba pa madigiri 20, kubereka kumayamba kuvuta. Anthu ambiri amaloza dzuwa la masana, koma choopsa kwambiri ndi usiku wofunda. Mungu umapangika mkati mwa kamphukira masiku pafupifupi khumi duwa lisanatseguke. Usiku wa masiku amenewo ukakhala wotentha, munguwo umatuluka wopanda moyo. Duwa limatseguka lokongola ndithu, koma silitenga. Pakapita masiku awiri kapena atatu mumalipeza pansi. Ena mwa maluwawo amagwira kachitheba kakang'ono ngati singano, n'kufota. Ena amabala chitheba chopindika chokhala ndi njere imodzi kapena ziwiri.

N'chifukwa chake munthu amatha kukhala ndi nyemba zobiriwira bwino, masamba aakulu, maluwa mbwee, koma osatola kanthu. Amayamba kuganiza kuti anamugulitsa mbewu yabodza kapena kuti manyowa anachepa, n'kuwonjezera feteleza, masamba n'kuchulukirachulukira. Kuwonongekako kunachitika kale usiku, duwa lisanaoneke.

Chikwawa ndi Nsanje ndi maboma otsika kwambiri m'dziko muno. Madera ena a Nsanje sakwana mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40, ndipo m'miyezi ya dzinja usiku sukhala wozizira. Ndiye pamene anzathu a ku Dedza ndi ku Thyolo akudzala nyemba ndi mvula, kuno imeneyo ndi nthawi ya khobwe, mphodza, mapira ndi mchewere. Mpata wa nyemba umatseguka mwera ukayamba kuomba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene usiku umatsika pansi pa madigiri 20. Mpatawo ndi waufupi, ndipo chofunika n'chakuti nthawi ya maluwa igwere mkati mwake.

Tiwerengere limodzi. Yosayanga imayamba maluwa pakatha masiku 35 mpaka 45. Mukaidzala pakati pa Meyi, maluwa amabwera kumapeto kwa Juni ndi mu Julayi, pachimake pa kuzizira, ndipo mu Ogasiti mwakolola. Mukaidzala kumapeto kwa Juni, ikhoza kupulumukabe. Mukadzala mu Ogasiti, maluwa akumana ndi kutentha kwa kumapeto kwa Seputembala. Yoyanga imayamba maluwa pakatha pafupifupi miyezi iwiri ndipo imafuna mwezi wina ndi theka kapena iwiri ikuchitabe maluwa. Kuti ipereke zonse zomwe ingathe, iyenera kulowa m'nthaka mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi. Yodzalidwa mu Juni imabereka m'munsi mokha, kumtunda konse n'kukhala masamba.

Kudimba la m'dambo, tsiku lodzala salisankha mlimi. Amadikira madzi aphwe. Chaka chimene madzi achedwa kuchoka, monga zimachitikira ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi kukasefukira, yosayanga yocha msanga ndiyo imakwana mu mpata wotsalawo. Kamunda ka pakhomo kothirira ndi kheni kali ndi ufulu woyamba msanga, ndipo ndi komwe yoyanga ili ndi mwayi.

Pano tiyankhenso funso la kupirira. Mbewu yamakolo imazolowera malo amene yakhala ikusungidwa. Nyemba yomwe banja lakhala likudzala kudimba ku Makhanga kwa mibadwo yadutsa m'sefa ya nyengo ya kuno: zochedwa ndi zosapirira zinagwa kale m'njira. Koma nyemba yamakolo yogula kwa wamalonda amene waitsitsa kuchokera ku Ntcheu inazolowera ku Ntcheu. Kukhala yamakolo sikuipatsa mphamvu yopirira usiku wa ku Ngabu. Akatswiri nawonso akulimbana ndi vutoli: mu 2015 bungwe lofufuza za ulimi la CIAT linalengeza mitundu ya nyemba yopirira kutentha, yambiri mwa iyo yochokera pokwatitsa nyemba wamba ndi tepary, kanyemba ka m'zipululu za Mexico ndi kummwera chakumadzulo kwa United States.

Ndipo amene akufuna chinthu choyanga pampanda nyengo yotentha asaiwale nkhungudzu, kamumpanda ndi khobwe woyanga. Izi zimapirira kutentha kuposa nyemba wamba, ndipo nazonso ndi mbewu zamakolo zoyenera kusungidwa.

Nthaka, madzi ndi mchere

Mizu ya nyemba siipita pansi kwambiri ndipo imafuna mpweya. Madzi akaima pamizu masiku awiri okha, masamba amachita chikasu ndipo mizu imayamba kuola. Dothi lotsalira madzi akaphwa, losakanikirana ndi mchenga pang'ono, ndi labwino kwambiri. Makande, dothi lakuda lija la ku Ngabu lomwe limamata kukagwa mvula n'kung'aluka kukauma, limafuna mizere yokwera ndi manyowa owolerana kuti limasuke.

Mchere ndi mdani amene ambiri samuganizira. Nyemba ili m'gulu la mbewu zosapirira mchere ngakhale pang'ono, ndipo mijigo ndi zitsime zina za kuchigwa kuno madzi ake ndi amchere. Ngati m'mphepete mwa masamba mukupsa ngati mwawauka, mbewu zikupinimbira, ndipo pamwamba pa mzere pakuoneka zoyera madzi akauma, vuto lili m'madzi othirira. Kuthirira madzi ochepa tsiku lililonse kumaunjika mcherewo pamizu. Kuli bwino kuthirira mokwanira kuti madzi alowe pansi, n'kuphimbira ndi udzu kuti nthaka isaume msanga. Madzi asasowe makamaka pa nthawi ya maluwa ndi pamene zitheba zikudzaza. Thirani pansi, osati pamasamba.

Timamva kuti nyemba zimadzipangira zokha chakudya. Zoona, koma pang'ono. Pakatha masabata asanu, fukulani chomera chimodzi mosamala ndi dothi lake, mutsuke mizu. Muona timibulu tating'ono ngati njere za mapira. Mmenemo mumakhala mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, amene amatenga nayitrojeni mumpweya n'kupatsa mbewu. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo: mkati mukakhala mofiirira, tikugwira ntchito, mukakhala moyera kapena mobiriwira, ayi. Nyemba wamba imachepa mphamvu pa ntchitoyi poyerekeza ndi khobwe kapena soya, choncho manyowa podzala amafunikabe. Feteleza wa yureya wochuluka amangochulukitsa masamba ndipo timibuluto timaleka kugwira ntchito.

Kadzalidwe ndi mitengo yoyangira

Zosayanga zimadzalidwa m'mizere yotalikirana masentimita pafupifupi 45, njere imodzi pa masentimita 10 aliwonse, kuya kwake masentimita 3 mpaka 5. Sizifuna kuwokera, zidzaleni pomwe zikulire.

Zoyanga zimafuna mtengo wa mamita awiri kapena kuposerapo, ndipo uzikidwe podzala pomwepo kuti musadzadule mizu pambuyo pake. Mitengo kuno njosowa, koma bango lokhwima, nsungwi, mapesi olimba a mapira kapena chimanga cha kudimba chomwe chatsogola ndi masabata awiri kapena atatu zimagwira ntchito. Bango limodzi palokha limagwa ndi mwera mbewu ikalemera. Mangani atatu kapena anayi pamodzi kunsonga, miyendo itatambalala, n'kudzala njere ziwiri patsinde pa uliwonse. Chiswe chimadya kunsi, ndiye muziyendera. Mtengo ukhale wokhakhala, chifukwa nyemba ilibe timikono togwirira ngati dzungu, imadzikulunga ndi tsinde lenilenilo, ndipo nthawi zonse imazungulira mbali imodzi. Mukaikulunga mobwerera, mawa mupeza yadzimasula. Onetsetsani mmene inzake yakwerera, n'kutsatira momwemo.

Mpanda ndi wofunika ngati mbewu yomwe. M'chilimwe mbuzi ndi ng'ombe zimayenda momasuka, ndipo khwanya wobiriwira pakati pa dziko louma amaoneka patali.

Pothyola khwanya, tengani masamba ochepa pa chomera chilichonse ndipo musadule nsonga ya yosayanga, poti maluwa ake ali pomwepo. Zitheba za yoyanga zikamathyoledwa zisanakhwime, chomera chimapitiriza kuchita maluwa. Zikasiyidwa kuti ziume, chimayamba kuleka.

Zikafota zili zazing'ono

Nyemba za masabata awiri kapena atatu zikayamba chikasu n'kufota ngakhale nthaka ili yonyowa, zulani imodzi muyang'ane tsinde pamene lakhudza dothi. Mukapeza latupa, lang'aluka, ndipo mukalisenda ndi chikhadabo mukuona kamphutsi koyera kapena kachikwa kofiirira kapena kakuda kochepera njere ya mpunga, ndiye kuti ndi mphutsi ya m'tsinde. Mayi wake ndi kantchentche kakuda konyezimira komwe kamaikira mazira pamasamba oyamba. Mphutsiyo imaboola kutsika mpaka kunsi kwa tsinde n'kutseka njira ya madzi. Imavuta kwambiri pa mbewu zochedwa kudzalidwa ndi za panthaka yoguga. Kukwezera dothi patsinde mbewu zikangomera kumathandiza, chifukwa nyemba imatulutsa mizu ina pamwamba pa balalo.

Nsabwe zakuda zimaunjikana kunsonga nyengo youma, ndipo kuwonjezera pa kuyamwa zimafalitsa vairasi ya mozeiki, matenda opangitsa masamba kukhala amawangamawanga, okwinyika ndi opindikira pansi. Alibe mankhwala, ndipo amalowa m'njere. Chiwawu cha mabakiteriya, chomwe chimaoneka ngati mabala ofiirira ozunguliridwa ndi chikasu, chimakonda malo otentha ndipo nachonso chimayenda ndi mbewu. Chimafala kwambiri munthu akamayenda m'nyemba masamba ali onyowa. Chomera chodwala mozeiki chizulidwe msanga, ndipo pa chomera chilichonse chodwala pasatengedwe mbewu.

Kusunga mbewu

Mbewu imasankhidwa m'munda, osati pa lichero. Pa lichero mumaona kukongola kwa njere kokha. M'munda mumaona chomera chimene chinabereka bwino, chosadwala, chomwe chinagwira zitheba pamene zinzake zimayoyola. Mangani kansalu pa zomera zoterozo ndipo a pakhomo onse adziwe kuti izi sizithyoledwa zitheba. Pa zoyanga, zitheba zoyamba za m'munsi ndizo zimadzaza bwino, poti zinakula kusanatenthe. Tengani pa zomera zambiri, makumi awiri kapena atatu ngati n'kotheka. Ngati mbewu yanu ndi yosakaniza, onetsetsani kuti mtundu uliwonse walowamo, chifukwa mitundu yochepa imatha mwakachetechete: chaka chino njere khumi, chaka chamawa zitatu, kenako simuionanso. Wofuna kusunga mitundu payokhapayokha angolekanitsa mizere ndi mamita angapo.

Zitheba ziume pa chomera mpaka zizilira mukazigwedeza. Mukamenya, yanikani njere pamphasa, osati pa malata kapena pa simenti yotentha masana, chifukwa dzuwa la kuno likhoza kupha kamoyo ka m'kati. Njere youma bwino siilowa dzino. Njira ina ndi ya mchere: ikani njere ndi mchere wouma m'botolo louma, tsekani, gwedezani, ndipo lisiyeni kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, mbewuyo sinaume.

Kenako pamabwera nankafumbwe. Mtundu umene umakonda malo otentha ngati kuno umamatiza mazira ake pakhungu la njere. Mukayang'anitsitsa mumaona timadontho toyera. Kukatentha, pamangopita mwezi umodzi kuti dzira likhale kachilombo koikiranso mazira, ndiye thumba losiyidwa mu Ogasiti limafika Disembala lili mabowo okhaokha. Njira zodziwika ndi kusakaniza njere ndi phulusa losefa lokwanira kutseka mipata yonse, kuzipaka mafuta ophikira pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi pa kilogalamu, kuikamo masamba ouma a nimu, kapena kuzitsekera m'botolo kapena m'thumba la PICS losalowa mpweya. Botolo lidzaze mpaka kukamwa kuti mpweya uchepe, ndipo njere zikhale zouma kwenikweni, apo ayi zichita nkhungu. Mbewu yothiridwa mankhwala, monga ya m'paketi yopakidwa utoto ija, siidyedwa.

Pali chinthu china chomwe chimapangitsa kusunga mbewu ya nyemba kuno kukhala kovuta kuposa kumtunda. Timakolola mu Ogasiti n'kudzadzala mu Epulo kapena Meyi, kutanthauza kuti mbewuyo imadutsa miyezi yonse yotentha ndi yachinyezi, yomwenso ndi miyezi ya madzi osefukira, ili m'nyumba. Kutentha ndi chinyezi zimafupikitsa moyo wa njere, ndipo ndi zomwenso zimalimbitsa nyemba zakale kuti zizitha nkhuni osapsa. Sungani botolo pamalo ozizira kwambiri m'nyumba, kutali ndi denga la malata, komanso pokwera. Sabata ziwiri musanadzale, kulungani njere 20 m'kansalu konyowa. Zikamera 16 kapena kuposerapo pakatha sabata, mbewu ili bwino, zikachepera dzalani mothithikana kapena funani ina.

Ku Chitedze kuli nkhokwe ya dziko yosungira mbewu zamitundumitundu m'malo ozizira, koma siingakhale ndi kamtundu kalikonse ka m'mudzi uliwonse. Mtundu umene uli m'nyumba imodzi yokha m'mbali mwa Shire kapena Ruo ukhoza kutha usiku umodzi, monga zinachitikira mabanja ambiri mu 2015, mu 2019 ndi mu 2023. Kugawa mbewuyo pawiri, ina kwa m'bale wokhala kumtunda monga ku Chididi kapena kumapiri a ku Thyolo, kumapereka pokaitenganso. Ndipo popeza njere ya nyemba siikhalitsa m'nyengo ya kuno, mtundu uliwonse umene mukufuna kuti ukhalepobe uyenera kudzalidwa chaka chilichonse, ngakhale mzere umodzi wokha, kuti mbewu ya m'botolo izikhala yatsopano.